Ndege Ikadutsa Malire

Pa msika wa Lizulu, kumpoto kwa boma la Ntcheu, malire a dziko ndi msewu wa M1 womwewo. Mayi amene waunjika mbatata ya kachewere ndi kabichi kum'mawa kwa tala ali m'Malawi. Mnzake amene wayala tomato kumadzulo, pamalo poti akhoza kubwerekana chenje mongoitanizana, ali m'Mozambique. Mwana wothamangitsa nkhuku amatuluka m'dziko n'kulowanso asanatope n'komwe, ndipo palibe amene amamufunsa chiphaso. Mzere umenewu unachokera m'pangano limene Britain ndi Portugal anasainirana pa 11 Juni 1891, ndipo m'dera lino unatsata mtunda wogawa madzi: mvula yogwa kumadzulo imakathera mu Zambezi, yogwa kum'mawa imatsikira ku nyanja ndi ku Shire. Amene anaulemba sanasamale kuti akudula pakati Angoni a Maseko, phiri la Domwe n'kutsala ku Angonia pamene likulu la Inkosi ya Makosi Gomani lili ku Lizulu. N'chifukwa chake pansi pano malirewa ndi ofewa. Anthu amakwatirana, amaikana maliro, ena amalima mbali zonse ziwiri. Koma mzere womwewo umakwera m'mwamba ngati khoma losaoneka, ndipo kumeneko ulibe chibale.

Lamulo lake ndi lalifupi. Pangano la ku Chicago la 1944, limene linabala bungwe la ICAO loona za maulendo a ndege padziko lonse, limayamba ndi kunena kuti dziko lililonse ndi mwini yekhayekha wa mlengalenga umene uli pamwamba pa nthaka ndi madzi ake. Limapitiriza kuti ndege ya boma, kaya ya asilikali, ya apolisi kapena ya kasitomu, singadutse pamwamba pa dziko lina popanda chilolezo chapadera. Pamenepa m'mwamba mwasiyana ndi panyanja yamchere. Sitima ya dziko lachilendo imaloledwa kudutsa m'madzi a m'mphepete mwa dziko lina bola ikungodzipitira mwamtendere, koma ndege ilibe ufulu woterowo. Sitima imaoneka ikadali kutali ndipo pamakhala mpata woifunsa, pamene ndege yankhondo imatha kufika, kujambula kapena kuponya bomba, n'kubwerera munthu asanamalize kuimbira foni mkulu wake. Kuchepa kwa nthawi kumeneku ndiko kumaopsa. Nduna ndi akazembe amadzamva nkhani itachitika kale. Amene amagamula mlandu ndi msilikali wamng'ono yemwe ali pamzinga, ali ndi mphindi imodzi yokha, ndipo zonse zimene akudziwa za dziko loyandikana nalo ndi zimene wakhala akumva kwa akuluakulu ake.

Anthu a ku Ntcheu safunika kupita kutali kuti aone kumene zimenezi zimathera. Mukatenga mapu n'kuika rula kuchokera pabwalo la ndege la Chileka ku Blantyre kukafika pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, mupeza kuti mzerewo ukutuluka m'Malawi, ukudutsa pamwamba pa Angonia pafupi ndi tawuni ya Ulongwe, n'kudzalowanso m'dziko muno chakumadzulo kwa Dedza. Mozambique analowerera m'chiuno mwa Malawi motero kuti njira yachidule yolumikiza mizinda yathu iwiri ikuluikulu imadutsa kwa eni. Pa 6 Novembala 1987 ndege ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan, nambala yake 7Q-YMB, inanyamuka ku Blantyre kulowera ku Lilongwe. Skyvan ndi kandege kooneka ngati bokosi, ka mainjini awiri a mapiko ozungulira, kopangidwa ku Belfast, kouluka pang'onopang'ono ndipo sikanyamula anthu opitirira makumi awiri. Itafika pafupi ndi Ulongwe asilikali a Mozambique anaiwombera, ndipo anthu onse khumi amene anali m'menemo, okwera asanu ndi atatu ndi ogwira ntchito awiri, anafa. Inali ndege ya anthu wamba, paulendo wa m'dziko momwemuno, ndipo panalibe mkangano uliwonse wokhudza pamene malire a Ntcheu ndi Angonia akudutsa.

Kuti timvetse chala chimene chinali pamzingapo tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Angonia inali bwalo la nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ndipo midzi ya m'mbali mwa M1, kuyambira ku Tsangano, Biriwiri mpaka Lizulu, inali itadzaza ndi anthu othawa kwawo; m'dziko lonse chiwerengero chawo chinadzafika pa miliyoni. Boma la ku Maputo linkakhulupirira kuti Renamo ikudzera m'Malawi, dziko limene linali paubwenzi wa akazembe ndi boma la tsankho la South Africa kuyambira 1967. Zikalata zimene zinagwidwa ku Gorongosa mu 1985 zinaonetsa kuti ndege za South Africa zinkapitirizabe kutulira Renamo zida ngakhale pangano la Nkomati loletsa zimenezi linali litasainidwa mu Malichi 1984. Pa 11 Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu Banda maso ndi maso kuti asinthe, ndipo Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuikamo mizinga. Pa 19 Okutobala chaka chomwecho iye mwini anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini, imfa imene anthu ambiri ku Mozambique sanakhulupirire kuti inali ngozi wamba. Chomvetsa chisoni n'chakuti pofika Novembala 1987 maboma awiriwa anali atagwirizana kale. Anasaina pangano la chitetezo mu Disembala 1986, ndipo asilikali a Malawi anali akulondera njanji ya Nacala m'kati mwa Mozambique. Mtendere unali utafika m'maofesi, koma msilikali wa ku Ulongwe anali akadali ndi zaka zambiri za kuuzidwa kuti chilichonse chouluka kuchokera ku Malawi n'chokayikitsa.

Mfundo ya nkhani ino yagona pamenepo. Ndege zimaphonya malire kawirikawiri, chifukwa cha mitambo, mphepo, chida chosokonekera kapena kufuna kudula njira, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pa kalata ya dandaulo. Chimene chimasandutsa kuphonya kukhala maliro ndi kukayikirana kumene kulibe njira yofunsirana msanga. Dziko ngati Malawi lingateteze thambo lake ndi zinthu ziwiri: maso oona chimene chikuuluka, ndi pangano lolembedwa ndi anansi lonena chochita ndege ikasochera. Wina akhoza kutsutsa kuti Mozambique sanalakwe, popeza ndege inalowadi kwawo nthawi ya nkhondo. Umwini wa mlengalenga suupatsa dziko ufulu wopha aliyense wodutsamo. Soviet Union itagwetsa ndege ya Korean Air Lines pa 1 Seputembala 1983, n'kupha anthu 269, mayiko anawonjezera ndime m'pangano la Chicago mu 1984 yoletsa kuwombera ndege ya anthu wamba ili m'mwamba. Choyenera ndi kuizindikira, kuilankhula pa wailesi, n'kuilamula kuti itere. Ndimeyo inayamba kugwira ntchito mu 1998, itavomerezedwa ndi mayiko okwanira, ndiye kuti mu 1987 inali ikadali papepala. Komabe ngakhale ikanakhala itayamba, sikanawapulumutsa anthu khumi aja payokha. Chikanawapulumutsa ndi uthenga wochokera ku Chileka wofika kwa mkulu wa asilikali ku Ulongwe ndege isananyamuke, kapena lamulo la mbali yathu loti njira yodutsa pamwamba pa nkhondo yatsekedwa. Mlandu ngati uwu sugwera mbali imodzi.

Tsopano ngati anthu anafa pamalo pamene mzere ndi wogwirizanika, nanga pamene eni ake sakumvana za mzere weniweniwo? Limeneli ndi funso la nyanja ya Malawi. Pangano la Heligoland limene Britain ndi Germany anasaina pa 1 Julayi 1890 linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, ndipo Malawi amaima pamenepo, mothandizidwa ndi chigamulo cha OAU cha ku Cairo mu 1964 choti mayiko alemekeze malire amene anawapeza polandira ufulu. Tanzania, kuyambira 1967, wakhala akunena kuti malire ayenera kudutsa pakati pa madzi, monga zilili panyanja zina zimene mayiko amagawana. Kumbali ya Mozambique nkhaniyi inakonzedwa kale mu 1954, pamene Britain ndi Portugal anagwirizana kusunthira malire pakati pa nyanja, Likoma ndi Chizumulu n'kutsala zili za Malawi. Ndiye chatsala ndi chigawo cha kumpoto chakum'mawa, kuyang'anizana ndi Mbamba Bay, Manda ndi Matema. Kamuzu anaukolezera moto mu 1968 ponena kuti madera ena a kumwera kwa Tanzania analinso a Malawi, kenako nkhani inazizira kwa zaka zambiri, mpaka pamene boma linapatsa kampani ya Surestream Petroleum chilolezo chofufuza mafuta mu 2011.

Anthu ambiri akamaganiza za mkanganowu amaona madzi, usipa ndi mafuta. Amaiwala kuti pamwamba pa chigawo chokanganiranacho palinso thambo lokanganirana. Ndege ya asilikali a Malawi ikauluka makilomita asanu kuchokera ku gombe la Mbamba Bay, kwa ife ili kwawo, pamene kwa Tanzania ndi mlendo wolowa popanda odi. Ya Tanzania ikauluka pamalo omwewo, zimatembenuka. Woyendetsa aliyense amakhala ndi mapu amene akumuuza kuti sakulakwa. Mu 2012 zimenezi zinatsala pang'ono kuoneka poyera, pamene nduna ya zakunja ya Tanzania, Bernard Membe, inadandaula ku nyumba ya malamulo ya dziko lawo za ndege zofufuza mafuta zimene zinkauluka pamwamba pa madzi amene iwo amati ndi awo, ndipo Edward Lowassa, yemwe ankatsogolera komiti ya chitetezo, ananena kuti dziko lawo ndi lokonzeka kumenya nkhondo. Palibe mfuti inalira, koma mawu otere ndi amene amatsikira kwa msilikali wa pamzinga. Kumene zoterezi zakhala chizolowezi tikuona mathero ake. Greece amati mlengalenga mwake mumafika mamailosi 10 apanyanja kuchokera kugombe, Turkey amavomereza 6 okha, ndipo m'mamailosi anayi otsalawo ndege zawo zakhala zikuthamangitsana kwa zaka makumi ambiri. Mu 2006 ziwiri zinawombana m'mwamba, woyendetsa wa ku Greece n'kufa. Kuno ku Africa, pa 24 Januwale 2023, Rwanda anawombera ndege yankhondo ya DRC ya mtundu wa Sukhoi-25 pafupi ndi Goma. Rwanda anati inalowa kwawo, DRC anati inali kwawo ikukonzekera kutera. Bwalo la ndege la Goma lili pamalire penipeni, monga mmene msika wa Lizulu ulili.

Yankho limene limabwera msanga m'mitima ya anthu okonda dziko lawo ndi lakuti tigule ndege zankhondo ndi mizinga, kuti mnansi aziopa. Maganizo amenewa ndi osafunika kuwanyoza, pakuti dziko lopanda mphamvu konse limaponderezedwa. Koma tiyeni tiwerengere. Ndege yankhondo youluka makilomita 900 pa ola imadya makilomita 15 pamphindi iliyonse. Nyanja yathu pamene yatambalala kwambiri sifika makilomita 100, choncho theka lokanganiranalo imalidutsa m'mphindi zitatu kapena kucheperapo. Dziko lonse, kuchokera kum'mawa kufika kumadzulo, m'malo ambiri ndi ulendo wa mphindi khumi. Yoti ikaithamangitse ikamalizidwa kulizidwa injini, mlendo uja wabwerera kale. Chotsala ndi kuwombera usanafunse, ndipo tawona kale chimene chimachitika. Turkey atagwetsa ndege ya Russia ya Su-24 pa 24 Novembala 2015, iye mwini ananena kuti inakhala mumlengalenga mwake masekondi 17 okha. Chotsatira chake chinali imfa, zilango za malonda ndi miyezi yambiri ya udani. Turkey anapirira chifukwa ndi dziko lalikulu ndipo ali mu NATO. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, ndipo mafuta ndi feteleza wathu amadzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Kuwombera ndege ya mnansi ndi kudzitsekera wekha khomo la nkhokwe. Gulu lathu la asilikali a mumlengalenga lakhala la ndege zonyamula anthu ndi katundu kuyambira pachiyambi, pamene Tanzania ali ndi ndege zomenyera nkhondo. Mpikisano wogula zida sitingaupambane, ndipo ndalama zake zingachoke m'zipatala ndi m'masukulu.

Ngati pali ndalama yoti iwonongedwe, iyambe yagula maso. Radar yofika m'madera onse a malire, zida zosunga zimene oyendetsa ndege akukambirana ndi a pansanja, ndi anthu ophunzira kuwerenga zimenezi, ndizo zimapatsa dziko laling'ono mawu. Mkangano uliwonse wa mumlengalenga umathera pa funso limodzi, lakuti ndege inali pati nthawi yakutiyakuti, ndipo wopanda umboni amangolira pamene mnzake akuonetsa mapu. Kufooka kwathu pankhaniyi tinakuona m'njira yowawa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inasowa paulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Inapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa onse atafa, ndipo akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti inalibe zida zija zosunga mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege. A Chilima anaikidwa kwawo ku Nsipe, m'boma lomweli la Ntcheu. Dziko limene linatha tsiku lathunthu likufunafuna ndege yake yomwe, yonyamula mtsogoleri, lingatsimikizire bwanji mayiko ena kuti ndege yachilendo inalowa makilomita angapo pamwamba pa nyanja kwa mphindi ziwiri?

Kutsutsa kwamphamvu kuposa konse kumachokera kwa amene amati kukhala pansi ndi Tanzania kukambirana za maulukidwe a ndege pamwamba pa nyanja ndi kuvomereza kuti pali chokambirana, pamene pangano la 1890 likunena momveka. Ndikugwirizana nawo kuti mlandu wa Malawi ndi wolimba, ndipo palibe chifukwa chousiyira. Koma pangano lopewa ngozi silikhudza umwini, ndipo likhoza kulembedwa ndi ndime yonena poyera kuti palibe mbali imene yasiya zimene imanena pa malire. United States ndi Soviet Union anasaina lotere mu 1972 lokhudza sitima ndi ndege zawo zankhondo, ali pakati pa udani waukulu. India ndi Pakistan, amene sanamvanepo za Kashmir, anagwirizana mu Epulo 1991 kuti ndege zawo zankhondo zisamayandikire makilomita 10 kumalire a mnzake. Wotsutsa akhoza kukumbutsa kuti pa 10 Ogasiti 1999 India anagwetsabe ndege ya asilikali apamadzi a Pakistan ya mtundu wa Atlantique pafupi ndi Sir Creek, dera limene amakanganirana, ndipo anthu 16 anafa. Zimenezo n'zoona, ndipo zinachitika patangopita masabata ochepa nkhondo ya ku Kargil itatha, mitima ikadali yotentha. Pangano silichotsa ngozi yonse. Limapereka muyeso woti aliyense aone amene waphwanya, komanso limapatsa msilikali wa pamzinga chifukwa chodikira mphindi ina imodzi.

Nkhani ya Atlantique ili ndi mchira umene ukutikhudza. Pakistan anakasuma ku bwalo la milandu la mayiko onse ku The Hague, ndipo mu 2000 bwalolo linati lilibe mphamvu yozenga mlanduwo chifukwa India sanavomereze kuzengedwa pa nkhani yotere. Malawi anavomereza ulamuliro wa bwaloli mu 1966, koma Tanzania sanatero, choncho sitingamukokere kumeneko iye asanafune. Botswana ndi Namibia anathetsa mkangano wa chilumba cha Kasikili, chomwe ena amati Sedudu, mu 1999 chifukwa onse awiri anagwirizana kupita limodzi. Amkhalapakati, atsogoleri opuma otsogozedwa ndi Joaquim Chissano, amene anapatsidwa nkhani ya nyanja kumapeto kwa 2012, sanabale chigamulo. Mlandu suola, amatero akuluakulu, ndipo uwu ukhoza kudikira zaka zina makumi angapo. Pa nthawi yonse yodikirayo ndege zizingouluka. Mwini mlandu wolimba ndiye ayenera kuopa ngozi kuposa mnzake, pakuti tsiku limene ndege idzagwe pamadzi amenewo dziko lapansi lidzasiya kufunsa zimene pangano la 1890 likunena, lidzayamba kufunsa amene anayamba kuwombera.

Pangano limene likufunika si lalitali, ndipo lingasainidwe ndi akuluakulu a asilikali popanda kudikira kuti andale amvane za mapu. Linene kuti ndege ya boma yofuna kuuluka pamwamba pa chigawo chokanganiranacho idziwitse mbali inayo tsiku lisanafike, kuti ndege yonyamula zida isafikeko, ndi kuti yosochera iyitanidwe pa wailesi ya 121.5, imene oyendetsa ndege padziko lonse amaidziwa kuti ndi ya pangozi, isanachitidwe china chilichonse. Pakhale foni imodzi yolumikiza Lilongwe ndi Dodoma imene imayankhidwa usiku ndi usana, ndipo ina yotero ifike ku Maputo ndi ku Tete. Ya ku Tete isaiwalike poganiza kuti nkhondo inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Mu 2016 kumenyana kutabukanso m'chigawo cha Tete, anthu zikwizikwi anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira ku Luwani ku Neno, ndipo nthawi yonseyo njira yachidule yochokera ku Chileka kupita ku Lumbadzi inali ikadali pomwe rula inaiika, pamwamba pa Ulongwe.